Nuala Atsika ku Liverpool

Loweruka, 7 Juni

Tanyamuka pa doko la Cobh madzulo. Kamvula kowaza, mphepo yochokera kumwera. Sitimayi ndi chimzinda chenicheni, zipinda pamwamba pa zipinda. Chathu chili pansi, kazenera kozungulira kosatseguka. Bedi lofewa mopitirira. Msana udzandiuza mawa.

Ulendowu sindinaufune. Moyo wonse ndayendetsa lole ya mkaka m'timisewu ta kumadzulo kwa Cork, nyanja ndimaionera patali ndipo zimandikwanira. Mkazi wanga Nuala ndiye anaumirira. Mkazi wozimitsa nyale munthu usanatuluke n'komwe m'chipinda, lero wagula matikiti a sitima osandifunsa. Akuti, "Fintan, tife tisanaone kalikonse?" Ndinati taona zambiri pa kanema. Sanaseke.

Malo oima: Holyhead, Liverpool, Belfast, kenako Scotland. Ndinafunsa kuti ku Liverpool kuli chiyani, poti theka la anthu akwathu anapitako kukasaka ntchito n'kubwerako ndi chifuwa chokha. Anati akungofuna akuonenso. Anagwirako ntchito chaka chimodzi ali mtsikana, tisanadziwane. Kuyala mabedi muhotelo. Ndi zomwe ndakhala ndikudziwa.

Pa chakudya chamadzulo atikhazika ndi Angerezi awiri, Clive ndi mkazi wake Pam. Clive ankagulitsa magalimoto, pakamwa ngati wailesi. Pam anatulutsa foni, adzukulu mmodzimmodzi, mayina ndi misinkhu yawo. Kenako funso lija, la ana athu. Nuala anayankha monga amayankhira masiku onse: "Mulungu sanatipatse." Koma foloko inamugwa m'manja. Sizinachitikepo.

Nyama ya nkhosa yolimba. Mbatatesi zabwino.

Matimati ndawasiyira aneba athu a Crowley kuti azithirira. Ayiwala amene aja.

Lamlungu, 8 Juni. Panyanja tsiku lonse.

Sindikudziwa poyambira.

Titadya kadzutsa tinakwera pakhonde la pamwamba. Mipando yotsamira, mabulangete pamiyendo ngati odwala. Nuala akuti, "Fintan, khala pansi." Ndinati ndakhala kale, mayi iwe. Ankayang'ana madzi, osati ine.

"Ndili ndi mwana. Wamkazi. Ali ku Liverpool, ndipo Lachiwiri ndikukakumana naye."

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka. Ndinkayesa akunena mwana wa ubatizo.

Kunalibe hotelo. Kunalibe mabedi oyala. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mimba ya mnyamata woimba gitala kumadansi, amene atangomva anathawira ku Boston, ku Amereka. Bambo ake a Nuala pamodzi ndi wansembe anamukweza boti, n'kuuza anthu kuti wapeza ntchito ku Mangalande. Nyumba ya masisitere. Kuchapa zovala mpaka tsiku lochira. Anayamwitsa masabata angapo. Tsiku lina anamuuza kuti amuveke mwana kadiresi katsopano, iye n'kumuveka bwinobwino, sisitere n'kutuluka naye. Basi.

Anamutcha Orla. Omwe anamutenga anamutcha Denise. Pano ndi mayi wa zaka zoposa makumi asanu, amaphikira ana pasukulu.

Denise ndiye anamupeza. Kuyezetsa malovu kofufuzira abale kwa masiku ano kuja kunamulozera kwa mwana wa mlongo wake wa Nuala, ndiye foni inalira m'nyumba mwathu mu Febuluwale, ine ndili kumsika wa ng'ombe. Kuyambira Febuluwale! Ndadya naye, ndagona naye, ndamuperekeza kwa dokotala wa chiuno, iye ali duu.

Ndinanyamuka. Ndazungulira sitima mpaka mapazi kutentha. Nkhalamba zothamanga zitavala makabudula. Mayi wina kundipempha ndimujambule.

Chachiwiricho chinandipeza kumbuyo kwa sitima, ndikuyang'ana thovu. Ngati Nuala anabereka, ndiye kuti m'nyumba mwathu muja wosabereka sanali iye.

Zaka makumi anayi ndi zinayi tili m'banja.

Sindinapite kukadya.

Lolemba, 9 Juni

Holyhead tangoionera patali. Mphepo yakula, alengeza kuti sitingakocheze. Anthu kung'ung'udza za maulendo awo a basi. Ife awiri m'kachipinda, poti kunja n'kosayendeka. Makapu kutsetsereka patebulo.

Mayi anga andizungulira m'mutu tsiku lonse. Anakhala nafe mpaka imfa yawo. Iwo ankamutcha Nuala ng'ombe youma, ngakhale pamaso pa alendo. Mendulo pansi pa pilo, zitsime za oyera, manovena osatha, ulendo wa kumalo oyera a ku Knock chaka ndi chaka, zonsezo kupempha mwana. Pa ubatizo wa mwana wa Donal, mng'ono wanga, anamulanda khanda m'manja. "Bweretsa kuno, iwe sudziwa kagwiridwe kake." Nuala anangolowa kukhitchini kukatsuka makapu. Ine ndinali pomwepo, tambula m'manja. Ndinkamumvera chisoni. Ndinkadziyesa mwamuna wabwino chifukwa sindinamusiye.

Dokotala wa ku Cork amene tinapitako pofuna mwana ananena kuti nanenso ndikayezedwe. Ndinati ino ndi nyengo ya mkaka wambiri, lole yosasiyika. Nuala anati, "Zisiye, Fintan." Ndinazisiya mosavuta.

Lero ndamukalipira. Ndinati wandipusitsa moyo wonse. Ndinati wakhala akundiyang'ana patebulo tsiku ndi tsiku akudziwa kuti wakwatiwa ndi gojo. Sanalire. Anakhala pabedi, manja pamaondo.

"Ndikananena, mayi ako akanandiponyera katundu pamsewu n'kunditcha hule. Iwe ukanatsala ndi mayi ako ndi choonadi chako. Ndinasankha kukhala ng'ombe youma."

Ndinafunsa kuti ankateteza ine kapena iye mwini. Akuti, "Tonse. Masiku ena iwe, masiku ena ine. Sindine woyera mtima."

Nanga mayi atamwalira? Akuti anayesa, tsiku lomwe tinachokera kumanda. Anandipeza ndikulira m'lole, n'kubwerera m'nyumba. Pambuyo pake zinangolemera.

Ulendo wake uja wa ku Cork, kumayambiriro kwa Malichi chaka chilichonse, yekha pa basi. Amati akukagula zinthu, n'kubwerako chimanjamanja. Ndinkamuseka kuti ndi mkazi yekhayo mu Ireland wopita m'tauni n'kubwera ndi ndalama zake. Linali tsiku lobadwa la mwanayo. Ankakhala m'tchalitchi chimene sankadziwikako.

Chomwe chikundiwawa kwambiri sindinamuuze. Tikanatha kutenga mwana wolera. Ndinatchulapo, iye anakana kwamtuwagalu, osapereka chifukwa. Chifukwa ndachidziwa lero: sakanatha kulera mwana wolandidwa kwa mtsikana wina. Chabwino. Koma ine? Ine ndinafunsidwa?

Wandipempha kuti mawa ndimuperekeze. Ndati ayi. Mwana ndi wake, apite yekha.

Clive anandipeza ku bala. Akuti, "Bwanji nkhope ngati munagula galimoto kwa ine?" Ndinamwa tambula imodzi. Mowa wodula, wofunda.

Lachiwiri, 10 Juni, m'mawa

Liverpool. Talowa mumtsinje wa Mersey kukucha, madzi a mtundu wa tiyi. Ziboliboli ziwiri za mbalame pamwamba pa nsanja. Dzuwa.

Nuala wasinthasintha zovala mpaka bedi kudzaza. Pomaliza jasi yobiriwira ya ku Misa. Mphatso yake mpango waubweya woluka yekha. Mu Juni. Kuulowetsa m'chikwama, kuutulutsa, kuulowetsanso. Sanandipemphenso. Pakhomo anangoti, "Mapiritsi ako ali pa shelefu."

Ndili pakhonde, ndikumuona pansipo. Kuchoka pamene sitima yaima kukafika kumsewu n'chitunda, poti madzi aphwa. Ndodo yake yoyendera ndaiona kuseri kwa chitseko. Kaya waiiwala, kaya waisiya dala kuti mwanayo asamuone ngati nkhalamba. Waima. Wayendanso. Waimanso. Anthu a makamera akumudutsa mbali zonse.

Chitsiru cha mkazi. Agwa ameneyu.

Lachiwiri, madzulo

Tabwerera. Sitima yamasula zingwe. Nuala wagona atayang'ana kukhoma, nsapato osavula.

Ndinamupeza pamwamba pa chitunda atagwira chitsulo, akupumira m'mwamba. Ndinamupatsa ndodo. Sanathokoze. Tinayenda.

Kanyumba ka tiyi kumadoko akale, njerwa zofiira. Denise anali atafika kale. Sipanafunike wondiuza. Chibwano cha Nuala, mapewa a Nuala, ngakhale kagwiridwe ka kapu ndi manja awiri. Tsitsi lofiira lofika m'mapewa, jekete yachikopa, kalankhulidwe kothamanga ka anthu akuno, moti theka la mawu linkandidutsa.

Sanakumbatirane. Denise anapereka dzanja ngati kubanki. "Mwafika. Ndimati mwina simubwera."

Ndinafuna ndikadikire panja. Akuti, "Khalani, bambo. Simuluma, eti?" Ndinakhala. Ndinaitanitsa tiyi ndi makeke, palibe anakhudza.

Anabwera ndi mafunso. Bambo ake ndani. Ali moyo? Nuala sadziwa. Kubanja kuli matenda anji, mayi a Nuala anamwalira ndi chiyani, nanga abale ake. Nuala anayankha zonse ngati mwana m'kalasi. Mayi ake khansa ya m'mawere. Mkulu wake Bríd chimodzimodzi. Denise anangogwedeza mutu n'kuyang'ana pazenera.

Kenako: "Munandifunafunapo?"

Ndinkapemphera kuti aname. Nuala akuti, "Ayi. Ndinkakuganizira tsiku lililonse, koma sindinakufunefune. Ndinkaopa."

"Chabwino. Bola mwanena zoona."

Nuala anatulutsa mpango uja. Anayamba kuti, Orla mwana wanga. Denise anamudula. "Ndine Denise. Ndipo amayi ndili nawo, ali konkuno ku Bootle. Sindinabwere kudzasaka amayi ena." Sananene mwaukali. Bola akanakalipa.

Nuala anafunsa njira ya kuchimbudzi. Anakhalitsako.

Denise anatuluka kukasuta, ine pambuyo, sindikudziwa chifukwa chake. Tinaima m'mbali mwa madzi. Akuti, "Ndaumitsa, eti? Ine pakamwa pamatsogola, mutu n'kumatsatira. Mwamuna wanga wakale angakuuzeni." Ndinati Nuala nayenso amatero akapsa mtima, kungoti amapsa kamodzi pa zaka khumi. Anaseka. Kuseka kwa Nuala ndendende, kotulukira m'mphuno.

Anafunsa ngati tili ndi ana. Nuala anali asanamuuze. Ndinati ayi. Ndiye ndinangodzimva ndikuti, "Vuto linali langa. Ndadziwa dzana." Koyamba kutuluka pakamwa panga, kwa mlendo, pamsewu wa ku Mangalande. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ambuye Yesu. Ndiye tonse sabata ino yatikomera bwanji."

Anazimitsa ndudu isanathe. Anagwira tsitsi lake. "Ili si langa, bambo, n'logula." Anamupeza ndi chotupa m'bere mu Januwale. Mankhwala olowetsa m'mitsempha aja wamaliza, kwatsala opaleshoni, pa 24 mwezi uno. N'chifukwa chake anayamba kufufuza kumene anachokera. Ali ndi mwana wamkazi, amafuna adziwe chomwe wamupatsira. Ndinaloza ndudu. Akuti, "Madokotala amadziwa kuti ndinasiya."

Kenako anasiya nthabwala. "Musawauze. Sindingasenze misozi yawo pamwamba pa zanga. Lonjezani." Ndinalonjeza. Anatenga foni yanga n'kulembamo nambala yake yekha.

Potsazikana mpango anatenga. Anangoupinda n'kuika m'chikwama. Kwa Nuala anati, "Mwina ndiimba. Mwina ayi. Sindikudziwa." Anakwera basi, sanacheuke.

Nthawi inali ikadalipo. Nuala anafuna tikaone nyumba ya masisitere ija. Tinatenga takisi. Pamalopo pali poimika magalimoto ndi sitolo ya matayala. Anatsika, n'kuima pakati pa magalimoto. "Zenera linali apo." Akuloza mumlengalenga. Woyendetsa takisi anazimitsa mita yake yowerengera ndalama.

Pobwerera ku sitima anandigwira mkono. Ndinamulola.

Lachinayi, 12 Juni. Greenock, ku Scotland.

Dzulo Belfast. Sitinatsike.

Nuala sakudya. Theka la buledi, tiyi. Foni m'manja nthawi zonse, ngakhale pakati pa nyanja pomwe siigwira. Amaiika pabulangete, amaitenganso. Lero akuti, "Waoneka wathanzi, eti Fintan? Ndipo tsitsi lokongola. Kwathu kulibe wa tsitsi lotero." Ndinati inde, wathanzi.

Ndanama mosavuta. Ndi chomwe chandiopsa. Mawu awiri okha, iye n'kumwetulira pang'ono, ine n'kumva ngati ndamuchitira chifundo. Mawa ndidzateronso, mkuja chimodzimodzi. Ndiye kuti umu ndi momwe zimayambira.

Mkwiyo sunathe. Umabwera ndikamameta ndevu, ndikadziona pagalasi. Ndimaganiza za kamnyamata komwe ndinkakaona m'maganizo katakhala pambali panga m'lole, zaka zonse zija, kakufuna kuliza hutala. Sikanali n'komwe m'njira. Ndikalipire ndani? Mayi anapita. Woimba gitala uja mwina anapita. Nuala akuonda ine ndikuona.

Pam anatipeza pa kadzutsa, akuti tinasangalala bwanji ku Liverpool, tinagula chiyani. Nuala anati tinamwa tiyi.

Masana ndatsika ndekha. Mvula. Tauni yotuwa, masitolo ambiri otseka. Ndinakhala pamalo odikirira basi, magalasi pamphuno, kulemba ndi chala chimodzi. Kufufuta, kulembanso. Basi inaima, woyendetsa kundifunsa ngati ndikukwera kapena ndikumangapo nyumba. Pomaliza ndinatumiza izi: Denise, ndine Fintan. Ndinalonjeza koma sindikwanitsa. M'nyumba mwathu kubisa kwatidya mokwanira. Sindinena kanthu musanandilole, koma ndikupempha.

Palibe yankho. Mwina ndaononga ndi kochepa komwe kanalipo. Akatseka chitseko, Nuala sadzadziwa n'komwe kuti wachititsa ndine. Chobisa chachiwiri chimenecho.

Nsapato zanyowa. Ndaziika nyuzi m'kati.

Lachisanu, 13 Juni. Panyanja.

M'mawa palibe. Foni yosagwira. Ndaiyang'ana kuposa Nuala, mpaka iye kundifunsa kuti ndikudikira ndani. Ndinati a Crowley. Bodza linanso.

Masana tikudutsa pafupi ndi zilumba, kuzizira ngati Novembala. Foni yanjenjemera m'thumba ndili pakhonde. Ndikopera pano monga walembera.

"Inu ndi amayi anga a ku Bootle munapangana? Nawonso andikalipira dzulo lonse. Auzeni. Koma inuyo, ine sindingathe. Pa 24 m'mawa. Akafuna kubwera abwere, koma m'wodi musakhale kulira, ndipo asanditchule dzina lina lija. Inunso mubwere, muzidzawagwira."

Ndawerenga mobwerezabwereza. Poyambira sindikupaona. Mayi ake, Bríd, tsopano mwana. Ndikumupatsa chitseko chotseguka ndi matenda m'dzanja limodzi.

Sitima ifika ku Cobh Lolemba. Pafunika boti lochokera ku Dublin kupita ku Liverpool, kapena ndege, ndi pogona pafupi ndi chipatala. Donal auzidwe chiyani? Anthu kutchalitchi? Auzidwe zoona, basi. Za ine zomwe.

Nuala anapita kukatenga tiyi. Uyo akubwera, makapu awiri, akuyenda pang'onopang'ono poti sitima ikupendekeka. Wandiona ndikulemba. Wayang'ana nkhope yanga. Waima.

Tiyi akumutayikira pa zala ndipo sakumva.